Mkodzo wa galu, ayodini ndi pulasitiki: mbiri ya timapepala timene tili m'foni mwanu

Amene anaimapo pafupi ndi benchi ya wokonza mafoni, kaya ku Limbe kapena mumsika wa Lilongwe, mwina anaionapo ntchito iyi. Mmisiri amatenga sikirini yowonongeka, n'kuitenthetsa pang'ono kuti guluu afewe, kenako ndi kalezala amayamba kusenda kapepala kotuwa kamene kamamatira pagalasi. Kakachoka, sikiriniyo ukaiyatsa imangoti mbee, popanda chithunzi ngakhale chilembo. Koma ukasuzumira kudzera m'kapepala kosendedwa kaja, zonse zimabwerera. Ukakatembenuza pang'onopang'ono, pamene panali poyera pamada, pakuda n'kuyera.

Kapepala kameneka ndi kamodzi mwa timapepala tingapo topyapyala tosanjikizana mkati mwa foni, kompyuta ndi TV. Tonse ndi tapulasitiki, koma tina si pulasitiki yokhayokha. Mkati mwake anathiramo tinjere ta zinthu zina, tating'ono moti diso silingatione, ndipo tinjere timeneti ndi timene timalamula kuti kuwala kudutse, kutsekeke kapena kusinthe mtundu. Asayansi amatiyeza pa mananomita. Mukatenga milimita imodzi n'kuigawa magawo 1 miliyoni, gawo limodzilo ndiye nanomita. Tsitsi la munthu ndi lonenepa mananomita pafupifupi 80,000.

Nkhani yake inayambira pamalo onunkha. M'chaka cha 1852, mumzinda wa Bristol ku England, wophunzira wina wa dokotala William Bird Herapath anadonthezera ayodini mumkodzo wa galu yemwe anali atamwetsedwa kwinini, mankhwala a malungo omwe aja owawa ndi oliza makutu. M'mbalemo munatuluka timiyala tobiriwira, tonyezimira. Herapath atatiika pa mayikulosikopu anaona kuti pamene timiyala tiwiri tasanjikizana moyang'ana mbali imodzi, kuwala kunkadutsa, koma pamene tapingasana pankada bii. Chifukwa chake n'chakuti kuwala ndi mafunde, ndipo kwa dzuwa kapena kwa nyali kumagwedezeka mbali zonse: choimirira, chopingasa, chopendekera. Kamwala kamodzi kankalola mafunde a mbali imodzi yokha. Kachiwiri kakapingasa, kankatseka ngakhale otsalawo.

Chinthu chotere chikanakhala chamtengo wapatali chikanakhala chachikulu ngati galasi la pawindo. Koma timiyalati tinali tating'ono ndiponso tosachedwa kuphwanyika, ndipo anthu anatha zaka zoposa 70 akuyesa kutikulitsa osaphula kanthu. Amene anamasula mfundoyi anali mnyamata wa ku America, Edwin Land, yemwe anabadwa mu 1909, n'kuyamba maphunziro ku Harvard mu 1926, n'kusiya asanafike patali. Anapita ku New York, kumene masana ankawerenga mulaibulale ya mzindawo, usiku n'kumalowa mozemba mu labotale ya Columbia University. Land anaitembenuza nkhani yonse. M'malo mosaka mwala umodzi waukulu, anapera timiyalato mpaka tinakhala tosaoneka, n'kutisakaniza m'pulasitiki yamadzimadzi, kenako n'kutikakamiza tonse kuti tiyang'ane mbali imodzi, poyamba ndi maginito, pambuyo pake pokoka pulasitikiyo isanaume. Anakalembetsa luso lakeli ku boma mu 1929, ndipo mu 1937 anakhazikitsa kampani ya Polaroid. Chimene ankachilakalaka kwambiri chinali chakuti mapepala akewo aikidwe panyali ndi pamagalasi a galimoto kuti madalaivala asamathobwane m'maso usiku. Makampani a galimoto anakana. Malonda anawapeza pa magalasi a dzuwa ndi pa makamera.

Pepala loyambali linali ndi chilema: linkaoneka ngati lachita nkhungu, chifukwa tinjere take, ngakhale tinali tating'ono, tinkamwazabe kuwala. Mu 1938 Land anapeza njira ina. Anatenga pulasitiki yotchedwa PVA, yomwe akatswiri a ku Germany anali ataipanga mu 1924, n'kuitenthetsa, n'kuikoka kuti italike kangapo. Pulasitiki iliyonse ndi mamolekyu ataliatali olumikizana ngati unyolo, ndipo nthawi zambiri amakhala atapiringizana. Akakokedwa amawongoka n'kugona mondondozana. Akaviikidwa mu ayodini, ayodiniyo amandanda motsatira maunyolowo, ndipo mafunde onse a kuwala ogwedezeka motsatira mzerewo amamezedwa. Kapepala kamene mmisiri wa mafoni amasenda ndi kameneka, ndipo kapangidwe kake sikanasinthe kwenikweni kuchokera nthawi ya Land. Sikirini ya LCD imakhala ndi tiwiri, kutsogolo ndi kumbuyo, pakati pake pali timadzi tapadera timene magetsi akatikhudza timapotoza kuwala kapena kukusiya.

Nkhungu imene inavutitsa Land ija ndiyo mutu weniweni wa mbiri yonseyi, choncho tiyeni tiimepo pang'ono. Kuwala kumene maso athu amaona kuli ndi mafunde otalika mananomita 400 mpaka 700. Kanjere kakakhala kakang'ono kwambiri kuposa pamenepa, titi mananomita 20, mafunde amakadutsa ngati palibe kanthu. Kakamakula, kamayamba kuwamwaza, ndipo kumwazako sikukula pang'onopang'ono. Masamu a Lord Rayleigh, yemwe mu 1871 anafotokoza chifukwa chake thambo limaoneka la buluu, amasonyeza kuti kanjere kakang'ono kakakula kuwirikiza kawiri, kamamwaza kuwala kuwirikiza ka 64. Chitsanzo tili nacho pafupi. Ku Kasiya m'boma la Lilongwe kuli mwala wa rutile, umene kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals imati nkhokwe yake ndi yaikulu kuposa ina iliyonse yodziwika padziko lapansi. Rutile ndi titanium dioxide, chinthu chomwe chimayeretsa penti wa nyumba. Mupenti, tinjere take timakhala ta mananomita 200 mpaka 300, ndipo timamwaza kuwala konse, n'chifukwa chake khoma limayera. Chinthu chomwecho chikakhala cha mananomita 10 kapena 20, n'kufalikira bwino m'pulasitiki, pepalalo limaonekera mkati ngati galasi, koma limatsekereza cheza cha dzuwa chotentha khungu, ndipo limapinda kuwala mwamphamvu kuposa pulasitiki wamba. Chinthu n'chimodzi, chasintha ndi kukula kwa njere basi.

Amisiri akale anakumana nazo zimenezi osadziwa. Ku British Museum mumzinda wa London kuli chikho cha galasi cha Aroma, cha m'zaka za m'ma 300, chotchedwa chikho cha Lycurgus. Kuwala kukachimenya kutsogolo chimaoneka chobiriwira. Nyali ikakhala kumbuyo kwake chimafiira. British Museum inachigula mu 1958, koma mpaka mu 1990 ndi pamene mayikulosikopu yamphamvu inaonetsa kuti m'galasimo muli tinjere ta golide ndi siliva ta mananomita pafupifupi 70. Michael Faraday anali ataganizira kale zotere mu 1857, pamene anapanga madzi ofiira okhala ndi golide, n'kunena kuti mtunduwo ukuchokera ku golide wogawikana kwambiri. Mabotolo ake ena adakali ku Royal Institution, ndipo madziwo sanasuluke.

Umboni wotsimikizika woti kukula kwa njere kumasintha mtundu unachokera mbali ziwiri za dziko zimene panthawiyo sizinkamwerana madzi. Ku Leningrad, mu Soviet Union, Alexei Ekimov ankatenthetsa galasi lokhala ndi copper chloride pa madigiri 500 mpaka 700, lina ola limodzi, lina mpaka maola 96. Likakhalitsa pamoto tinjere tinkakula, ndipo mu 1981 anasonyeza kuti tating'ono timameza kuwala kopendekera ku buluu kuposa tatikulu. Ku Bell Labs ku America, Louis Brus, asanamve za Ekimov, anaona mu 1983 kuti madzi ake okhala ndi tinjere ta cadmium sulfide akawasiya patebulo kwa kanthawi amasintha khalidwe, chifukwa tinjereto tinkakula kuchoka pa mananomita 4.5 kufika pa 12.5. Chimene chimachitika n'chakuti elekitironi ikapanikizidwa m'kachipinda kakang'ono chonchi mphamvu zake zimakwera, ndipo kuwala kumene imameza kapena kutulutsa kumasintha. Tinjere timeneti ndi timene lero timatchedwa quantum dots. Mu 1993 Moungi Bawendi ndi anzake ku MIT anapeza njira yotiphikira kuti tizituluka tofanana kukula, ndipo atatu onsewa analandira Mphoto ya Nobel mu 2023.

Kwa nthawi yaitali pulasitiki inali chabe chogwirira. Kuyambira pa Bakelite ya Leo Baekeland mu 1907, ulemu wake unali wakuti siidutsa magetsi, n'chifukwa chake imakuta mawaya ndi masoketi. Zinasintha chifukwa cha kulakwitsa muyeso. Mu 1967, ku Tokyo Institute of Technology, mlendo wofufuza wochokera ku Korea ankafuna kupanga pulasitiki yotchedwa polyacetylene motsatira malangizo a Hideki Shirakawa. Pulasitiki imeneyi inkadziwika ngati ufa wakuda wopanda ntchito. Mlendoyo anathira mankhwala ofulumizitsa ntchito ochuluka kuwirikiza ka 1,000 kuposa oyenera, ndipo m'malo mwa ufa, m'botolomo munayalana kapepala. Shirakawa sanataye. Anatha zaka akukonza njirayo mpaka anayamba kupeza mapepala onyezimira ngati siliva. Mu 1975 Alan MacDiarmid, katswiri wobadwira ku New Zealand yemwe ankaphunzitsa ku University of Pennsylvania, ali paulendo ku Japan anaonetsedwa pepalalo, ndipo anaitanira Shirakawa ku Philadelphia. Kumeneko, pamodzi ndi Alan Heeger, anafukiza pepalalo ndi nthunzi ya bromine, kenako ya ayodini. Mphamvu yake yodutsitsa magetsi inakwera kuwirikiza ka 10 miliyoni ndi kupitirira. Ayodini yemweyo amene anathandiza Herapath ndi Land apa anagwira ntchito ina: ankazula maelekitironi ena pa unyolo wa kaboni, n'kusiya mipata yoti otsalawo azisuntha. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 1977, ndipo Mphoto ya Nobel inabwera mu 2000.

Polyacetylene yeniyeniyo sinapite patali, chifukwa mpweya unkaiwononga msanga. Koma chitseko chinali chitatseguka. Mu 1988 kampani ya Bayer ku Germany inapanga PEDOT, pulasitiki yodutsa magetsi yosaopa mpweya, yomwe ntchito yake yoyamba yaikulu inali yopanda ulemerero: kupaka pa mafilimu a kamera a Agfa kuti asamathetheke ndi magetsi a mkhudzano. Mu 1987 Ching Tang ndi Steven Van Slyke a kampani ya Kodak anapanga kanyali kopyapyala kuchokera ku timamolekyu ta kaboni, koyaka ndi mavoti osakwana 10, ndipo ameneyu ndiye kholo la masikirini a OLED. Ndiye mu 1989, ku Cavendish Laboratory ku Cambridge, Jeremy Burroughes akuyesa pulasitiki yotchedwa PPV anaona ikutulutsa kuwala kobiriwira mopitira ku chikasu. Iye, Richard Friend, Donal Bradley ndi anzawo analengeza zimenezi mu 1990, ndipo mu 1992 gulu la Heeger linaonetsa nyali yapulasitiki yoti ukhoza kuipinda ikuyakabe.

Apa mitsinje iwiri inakumana. Mbali ina kunali tinjere towala mtundu uliwonse umene ukufuna malinga ndi kukula kwake. Mbali ina pulasitiki yoti ukhoza kuisungunula, kuipaka ngati penti, n'kudutsitsamo magetsi. Mu 1994, ku Berkeley m'chigawo cha California, Vicki Colvin, Michael Schlamp ndi Paul Alivisatos anasanjikiza tinjere ta cadmium selenide ndi PPV n'kupeza nyali imene mtundu wake unkachoka kofiira kupita ku chikasu akasintha kukula kwa tinjere. Inkawala mofooka kwambiri, koma inawala. Vuto limene linaonekera pamenepo silinathe mpaka lero, ndipo aliyense amene anaphikapo nsima amalidziwa: ufa ukathiridwa m'madzi mosasamala umachita mibulu. Tinjere ta nanomita timakokana mwamphamvu, ndipo tikaunjikana timasanduka chinthu chachikulu chomwaza kuwala, pepala n'kuchita mbuu. Pofuna kupewa zimenezi, opanga amakuta kanjere kalikonse ndi mamolekyu amafutamafuta kuti kasamatirane ndi kanzake. Tsoka lake, chovala chomwecho chimatsekereza magetsi. Mu 1996 Neil Greenham, Xiaogang Peng ndi Alivisatos anasonyeza kuti maelekitironi amadumpha bwino kuchoka m'pulasitiki kulowa m'tinjere pokhapokha chovalacho chitachotsedwa. Ukativula timaunjikana, ukativeka magetsi sadutsa. Ntchito yambiri ya zaka 30 zapitazi yakhala yofunafuna malire pakati pa ziwirizi.

Kumene nkhani ya kayalidwe ka zinthu mkati mwa pepala inaonekera poyera ndi pa sola. Kuwala kukagwa pa pulasitiki yamtunduwu kumadzutsa elekitironi, koma elekitironiyo imakhalabe yomangika ku malo amene yachoka, ndipo imayenda mananomita pafupifupi 10 okha isanabwerere. Kuti magetsi atuluke, pamtunda waufupi chonchi payenera kupezeka chinthu china choilanda. Mu 1992 Serdar Sariciftci, Heeger ndi Fred Wudl anapeza wolanda wabwino: C60, kampira ka maatomu 60 a kaboni komwe kanatulukiridwa mu 1985. Koma pepala loti limeze kuwala kokwanira liyenera kunenepa mananomita pafupifupi 100. Yankho, lomwe linabwera mu 1995 kuchokera ku Santa Barbara ndi ku Cambridge, linali kusakaniza zinthu ziwirizo kuti zilowane paliponse, koma mosiya tinjira tosaduka toti magetsi atulukire. Mukasakaniza mopitirira, tinjira timaduka. Mukasakaniza moperewera, maelekitironi amafera m'njira. Mu 2001, ku Linz m'dziko la Austria, Sean Shaheen ndi anzake sanasinthe pulasitiki, sanasinthenso timipira ta kaboni. Anangosintha madzi osungunulira, kuchoka pa toluene kupita pa chlorobenzene. Gawo la mphamvu ya dzuwa limene linkasanduka magetsi linakwera kuchoka pa 0.9 peresenti kufika pa 2.5 peresenti, chifukwa zigawo za mkati zinatuluka zazing'ono pouma. Kwa ine, palibe chochitika china m'mbiri imeneyi chimene chimaphunzitsa zambiri kuposa ichi.

Chiyembekezo chinakula kuposa msinkhu wa zinthu. Anthu ankalankhula za sola yosindikizidwa ngati nyuzipepala, yomata pamatenti, pazikwama ndi pamawindo. Kampani ya Konarka, imene inakhazikitsidwa mu 2001 ku Massachusetts ndipo Heeger anali mmodzi mwa atsogoleri ake pa sayansi, inatenga fakitale yakale ya Polaroid ku New Bedford mu 2008 kuti izisindikiziramo sola yapulasitiki pa makina okulunga mapepala. Mu 2012 inagwa. Mapepala ake ankatulutsa magetsi ochepa, ankatopa msanga ndi chinyezi ndi mpweya, ndipo nthawi yomweyo mafakitale a ku China anagwetsa mtengo wa sola ya silikoni. Sola imene mumaiona pamadenga a malata m'midzi mwathu ndi ya silikoni, ndipo pulasitiki ilimo ngati chomatira ndi chotchingira mvula. M'malabotale ntchito sinaime: mu 2019 gulu la Yingping Zou ku Changsha linatulutsa molekyu yotchedwa Y6 imene inafikitsa sola yamtunduwu pa 15.7 peresenti, ndipo pano ena afika cha m'ma 20 peresenti. Koma zimenezi n'za tizidutswa tochepa kuposa chikhadabo, toyezedwa tisanakumane ndi dzuwa la Okutobala.

Chimene chinalowadi m'nyumba za anthu n'chofatsa kuposa malotowo. Mu 2013 kampani ya Sony inagulitsa ma TV okhala ndi quantum dots, ndipo chaka chomwecho tabuleti ya Kindle Fire HDX ya Amazon inatuluka ndi pepala la makampani a Nanosys ndi 3M. Samsung inatsatira mu 2015, ndipo kuyambira mu 2017 inayamba kutcha ma TV akewo QLED. Mmene amagwirira ntchito ndi motere. Kumbuyo kwa sikirini kuli timanyali ta LED ta buluu. Kutsogolo kwake kuli pepala la pulasitiki lonenepa ngati tsitsi limodzi kapena awiri, lodzala ndi tinjere tamitundu iwiri: tating'ono, ta mananomita pafupifupi 3, timameza buluu n'kulavula kobiriwira, tokulirapo kawiri timalavula kofiira. Buluu wina amadutsa osakhudzidwa. Mitundu itatuyi imatuluka yosasakanikira ndi ina, n'chifukwa chake udzu wa pabwalo la mpira umaoneka wobiriwira kwambiri pa TV zotere. Koma taonani: m'pepalamo simudutsa magetsi ngakhale pang'ono. Pulasitiki yabwerera pa ntchito yomwe Land anaipatsa, yogwira tinjere kuti tisakhudzane. Ndipo popeza mpweya ndi chinyezi zimazimitsa tinjereto, pepalalo ankalitsekera pakati pa mapepala ena awiri otchinga, omwe ankadya gawo lalikulu la mtengo wake.

Lero nkhani zofufuza pa mapepala a pulasitiki osakaniza ndi tinjere zimasindikizidwa zambirimbiri chaka chilichonse, ndipo zambiri zimachokera m'mayunivesite a ku Egypt, Iraq, India ndi Saudi Arabia, mwa zina chifukwa ntchitoyi siifuna chuma chambiri poyamba. Wophunzira amathira ufa wa PVA m'madzi, n'kuutenthetsa cha pa madigiri 80 kwinaku kachitsulo ka maginito kakuzungulira pansi pa botolo mpaka madziwo atanenepa ndi kuyera. Amayeza ufa wa zinc oxide kapena wa titanium dioxide, peresenti imodzi, itatu, isanu, n'kuthiramo, n'kuika botololo m'beseni lonjenjemeretsa madzi kuti tinjere timwazikane. Kenako amatsanulira m'timbale tagalasi tosaya n'kudikira masiku angapo. Pouma, amakweza m'mphepete ndi kapani, pepala n'kusendeka lonse, lofewa, loonekera mkati. La peresenti imodzi limakhala loyera bwino. La isanu kawirikawiri limayamba kuchita mkaka. Akatero amaliwomba ndi cheza cha X-ray, njira yochokera kwa William ndi Lawrence Bragg mu 1913. PVA imajambula kaphiri kotambalala cha pa madigiri 19 mpaka 20, kusonyeza kuti maunyolo ake ena ndi ondandalikana, ena opiringizana; tinjere timajambula nsonga zakuthwa, ndipo masamu a Paul Scherrer a mu 1918 amanena kukula kwake poona kutambalala kwa nsongazo. Pomaliza amadutsitsamo kuwala kwamitundumitundu kuti aone kumene kwamezedwa.

Apa ndi pamene owerenga ayenera kutsegula maso. Pafupifupi nkhani iliyonse yotere imajambula mzere motsatira njira ya Jan Tauc, katswiri wa ku Czechoslovakia, n'kulengeza kuti band gap, mpata wa mphamvu umene elekitironi imayenera kudumpha, wachepa, choncho pepalalo n'loyenera zipangizo za kuwala ndi magetsi. Tauc ndi anzake anakonza njirayi mu 1966 poyeza germanium, chinthu chimodzi chosasakaniza. Pepala la zinthu ziwiri ndi nkhani ina. Zinc oxide payekha amameza kale kuwala kwa mafunde ofupika kuposa mananomita pafupifupi 380, pamene PVA imakulola kudutsa. Mukasakaniza, n'zosadabwitsa kuti chosakanizacho chiyamba kumeza msanga, ndipo zimenezi sizitanthauza kuti pulasitikiyo yasintha chibadwa. Kuwala kumene kwangomwazidwa ndi tinjere tounjikana makina amakuwerenganso ngati kwamezedwa. Mzere weniweniwo nthawi zambiri umajambulidwa ndi diso, ndipo anthu awiri akhoza kupeza manambala awiri pa pepala limodzi. Kuwonjezera apo PVA imamwa chinyezi, ndipo ochepa okha mwa olembawa amafika popanga nyali kapena sola n'kuisiya ikugwira ntchito miyezi. Sindikunyoza ntchitoyi. Yaphunzitsa achinyamata ambiri kuyeza ndi kuwerenga zida, ndipo mapepala otsekereza cheza cha dzuwa ali ndi ntchito yeniyeni, monga pokutira zakudya ndi mankhwala. Koma kuchoka pa kambale ka mu labotale kufika pa chinthu chogulitsidwa m'sitolo pali mtunda umene unagwetsa Konarka, imene inali ndi mwini Mphoto ya Nobel pambali pake.

Palinso nkhani ya poizoni. Tinjere towala bwino kwambiri tinali ta cadmium, chitsulo chowononga impso, chimene malamulo a European Union salola kuti chipitirire 0.01 peresenti m'zipangizo zamagetsi popanda chilolezo chapadera. N'chifukwa chake Samsung inasankha indium phosphide, ngakhale poyamba mitundu yake sinkafika pa ya cadmium. Kwa ife amene TV ikafa imakathera kudzala kapena kuotchedwa kuseri kwa nyumba, funso la zimene zili m'mapepalamo si la ku Ulaya kokha.

Mitsinje iwiri ija ikuyendabe. Opanga aphunzira kukuta kanjere kalikonse ndi chigoba chakechake cholimba, moti m'zaka za posachedwapa kwayamba kutuluka mapepala osafuna zotchinga zodula zija, ndipo ma TV a quantum dots atsika mtengo. Kusindikiza masikirini ndi inki yowala, loto lochokera ku pulasitiki yowala ya ku Cambridge ija, kunagwetsa kampani ya JOLED ya ku Japan mu 2023, koma kampani ya TCL CSOT ya ku China inalengeza kumapeto kwa 2024 kuti yayamba kupanga ochuluka, poyambira pa masikirini a zipangizo za m'chipatala. Nyali ya ku Berkeley ya 1994, imene magetsi amalowa mwachindunji m'tinjere popanda LED kumbuyo, yaonetsedwa kangapo pa zionetsero za malonda, koma sinafike m'masitolo. Tinjere tofiira ndi tobiriwira timapirira nthawi yokwanira. Ta buluu topanda cadmium timazirala msanga kwambiri moti palibe kampani imene yayerekeza kutigulitsa ndi chitsimikizo cha zaka.